Mwana Wophunzira ndi Makutu

"Mwanayu amaphunzira ndi makutu," anatero a Pulofesa, akugogoda kope lawo lachikuto chakuda. Sanali pulofesa weniweni. Anali mphunzitsi wopuma pa ntchito amene ankaphunzitsa ana m'makomo, koma dzinalo sanalikanepo.

M'kopemo mwana aliyense anali ndi tsamba lake. Mwana wamkazi wa telala yekha anali ndi masamba anayi. Akamuwerengera mokweza funso la masamu, ankakhoza. Akamupatsa pepala kuti awerenge yekha, 3 ankasanduka 8, yankho n'kulowera kuthengo. Kunali kutatsala milungu itatu kuti alembe mayeso olowera kusekondale.

Mayi ake anaimitsa makina osokera. "Ndiye tsiku la mayesolo mudzalowa naye, muzikamunong'oneza?"

A Pulofesa anatsokomola. Funso limeneli linkawavutanso iwo, moti anali atayesa kale njira zisanu. Anamuimbitsa nyimbo ya manambala. Anamuuza kuti azipuma katatu asanagwire cholembera. Ya chisanu, yoyenda uku akuwerenga, inathera pa mwendo wa tebulo.

"Fisi akatola fupa sadyera pomwepo, mayi. Nzeru zimafuna nthawi."

"Nthawiyo ndi imene tilibe, aphunzitsi," anayankha mayiwo, n'kutembenukira kwa mwana. "Iwe, tandilowetsera ulusi mu singanomu."

Mtsikanayo anaitalikitsa singano mpaka mkono unatha. Anatsinzina diso limodzi. Ulusi unadutsa pambali kasanu.

"Ndi mmene alili ameneyu kuyambira chaka chatha. Ulesi basi!"

A Pulofesa anayang'ana singano, anayang'ana pepala la mafunso lija la zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere, kenako anayang'ana masamba awo anayi. M'chipindamo munatentha mwadzidzidzi. Anavula magalasi awo owerengera n'kumuveka mwanayo. Magalasiwo anamukulira, moti anachita kuwagwira ndi chala.

"Werenga apa."

"Iii! Kodi uyu ndi 3?" Anaseka. "Ine ndimati mumalemba dala zothimbirira kuti tiziganiza kwambiri."

Mtsikanayo anawerengera masamu khumi popanda womuwerengera mafunso mokweza. Anakhoza asanu ndi anayi. A Pulofesa anachonga pepalalo atalitalikitsa nawonso, pakuti maso awo anali pamphuno pa mwana.

Mayi aja anakhala pansi, manja pachifuwa. "Ine kumukalipira chaka chonse! Mawa m'mawa tikupita kwa dokotala wa maso. Madiresi a eniwakewa adikira."

"Ndinkayembekezera zomwezi," anatero a Pulofesa. "Kungoti njira yanga sithamanga."

"Inde, aphunzitsi. Singano yangayi ndiye yathamanga."

Atalandiranso magalasi awo, a Pulofesa anatsegula kope lija. Masamba anayi aja anawang'amba mwakachetechete n'kuwapinda m'thumba. Pa tsamba latsopano analemba kuti: Njira ya chisanu ndi chimodzi. Potuluka anaima pakhomo, n'kupempha ngati mayiwo angawagawireko singano imodzi ndi kaulusi.