Samani ya Mayi Wosita Zovala

Mesenjala wa khoti adapeza mayi ena akusita malaya a anthu kuseri kwa shopu yochapira zovala. Adawapatsa pepala nati asayine.

"Ndi chiyani chimenechi, bambo?"

"Samani, mayi."

"Samani ndiye kuti chiyani? Ine sindinabe kanthu."

"Simunalakwe ayi. Akukuitanani kukhoti Lachinayi, mukanene zomwe mudaona tsiku lomwe mwana wanu adamenya mkazi wake."

Mayi adaimika simbi. "Nanga ndikati miyendo ikundipweteka?"

"Ukadakhala ukwati mukadakana. Uku ndi kulamula. Mukapanda kupita, apolisi adzakutengani ndi miyendo yanu yomweyo."

Kuona adaonadi. Ankakhala nyumba imodzi ndi mwana wawoyo, dalaivala wa lole, ndipo tsikulo adali chilili pakhomo la khitchini pamene iye adanyamula mpando ndi kumenya nawo mpongozi wawo kumaso. Diso lakumanzere silidaonenso.

Achimwene a mayiwo atamva za samaniyo adabwera kushopu komweko. "Chemwali, mukangoti mudali kubafa. Angakutsutseni ndani? Mwana wobala nokha ameneyu!"

Mayi adavomera. Lachinayilo, m'basi monse popita kukhoti ankayeseza mawuwo chamumtima.

M'khotimo mudali motentha, fani itafa. Atalumbira, woimira boma adafunsa, "Mayi, mpando utanyamulidwa inu mudali kuti?"

Adatsegula pakamwa kuti atchule bafa. Koma pabenchi yakutsogolo padali mpongozi uja, atapendeketsa mutu kuti awaone bwino ndi diso lotsalalo.

"Ndidali pomwepo," adatero. Ndipo adanena zonse.

"Amayi?" adaitana mwana wawo ali m'kabokosi ka oimbidwa mlandu. 

Adamugamula zaka zingapo. Panja achimwene adawadutsa ngati mtengo. Mpongozi yekha ndiye adawagwira dzanja nati, "Zikomo amayi. Koma ine m'nyumba muja sindingakhalenso. Ndikupita kwathu ndi ana."

Adamuthandiza kulongedza, mpaka tinsapato ta mdzukulu wamng'ono tomwe tidali kunsi kwa bedi lawo.

Tsiku loona akaidi litakwana, mayi adaphika, nakaima pamzere kuchipata cha ndende. Msilikali adalowa kukamuitana mwanayo, koma adabwerako yekha.

"Pepani mayi. Akuti mayi alibe."

"Mwamuuza bwino kuti ndine?"

"Ndamuuza."

Adapempha kuti chakudyacho apatse mkaidi aliyense wopanda womuyendera. Kenako adakakhala pa siteji, kontena yopanda kanthu ili pamiyendo. Mabasi a kwawo ankabwera ndi kupita, makondakitala akukuwa, iwo osadzuka.