Nkhungu Itachoka pa Luotan

Apongozi anga, bambo Teng, anayamba kuthawa pakhomo chaka chimene mwamuna wanga Guoliang anamwalira. Ndikangotembenuka kukaphula mabanzi ogulitsa, iwo atuluka kale, kiyi wachitsulo ali lendelende m'khosi, ati akupita kwawo ku Luotan. Koma Luotan ali pansi pa madzi. Damu linaumeza mudziwo tonse tikuona, n'kutisamutsira kuno kumtunda m'nyumba zosanjikizana. Tsiku lina anapezeka madzi ali m'mawondo, akufunsa njira. Mlamu wanga anati tikawasiye kosungirako okalamba, kumene zitseko amakhoma. Ndinakana, koma ndinkadziwa kuti tikapanda kuchitapo kanthu madziwo adzawatenga.

Guoliang anandisiyira bambo akewo ndi kompyuta yokalamba yolira ngati chigayo. M'menemo munali gemu yomanga ndi timabokosi, ndipo kwa zaka zambiri iye ankamangamo Luotan, nyumba ndi nyumba. Ndinkamukalipira, ndipo mpaka lero ndimati ndinkakhoza. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kumaumba tinyumba makasitomala ali pamzere! Ndikasuzumira ndinkangoona khoma limodzi, mtengo umodzi, kwinako nkhungu yokhayokha. Makinawo analibe mphamvu yoonetsa patali.

Ndinaganiza zowaonetsa bambo ngakhale khoma lokhalo. Koma nditayatsa, gemu ija inangoti njo, osasuntha. Ndinakweza chimakinacho panjinga yanga ya mateyala atatu, bambo pambali, ulendo wa kumsika kwa Kuang, mayi wokonza makompyuta pafupi ndi ogulitsa nsomba.

"Achemwali, mwabweretsa kompyuta kapena maliro?" anatero Kuang.

"Pakamwa pakopo. Tangokonza."

Anatchera khutu pabokosilo, kenaka n'kupukusa mutu. "Gemuyi ilibe mlandu. Vuto ndi sisitimu, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Yakhala ikudzionjezera zatsopano mpaka yanenepa. Ikudya yokha chakudya chonse, gemu n'kumangonyambita mbale."

"Bwezera yakale ija."

"Ndingathe. Gemu itseguka ndithu, koma nkhungu yanu ija ibwereranso, ndiponso yakaleyo palibe akuisamala, mavairasi angolowa ngati kwawo. Ilipo ina yopepuka, Linux, imene amalemba anthu ongodzipereka m'maiko osiyanasiyana. Iyoyo imadya pang'ono. Kungoti sindingalumbire kuti mudzi wanu ukatseguka bwino m'menemo."

"Yesa zonse ziwiri, nanga wathyoka manja?"

"Simukumva mmene ikukhosomolera diskiyi, nkhokwe yosungira zonse? Ntchito iyi ndi yochita kamodzi. Sankhani, achemwali."

Ndinachita mantha, sindibisa. Luotan akanamira kachiwiri, ulendo uno m'manja mwanga. Za makompyuta sindidziwa, koma m'mawa uliwonse ndimapalasa njinga yokalamba pachitunda, ndipo ndimadziwa kuti chokalamba chimakwera ukachitsitsira katundu.

"Tsitsa katundu," ndinatero. "Ika yopepukayo."

Kuang anasamutsira mudziwo pa fulashi, diski ikubuula, ine nditagwira mkono wa malaya a bambo kuti asandizembere. Anafufuta zonse, n'kuika sisitimu yatsopano. Dzuwa litapendeka makina aja anayaka mwakachetechete, moti ndinafunsa ngati afa. Gemu inatseguka. Khoma lija, mtengo uja, nkhungu ija.

"Taimani," anatero Kuang. "Pano mphamvu yatsalako. Tione ngati ingaone patali." Anakoka kachizindikiro kena pang'onopang'ono.

Nkhungu inayamba kubwerera m'mbuyo.

Kunatuluka denga la kachisi. Kunatuluka minda ya malalanje yotsetsereka ndi phiri, sukulu yathu, masitepe amiyala otsikira kudooko, ndipo kumapeto kwake mtsinje, wopapatiza ngati kale, miyala yake yoyera ili poyera. Guoliang anamanga zonsezi ali m'nkhungu, akuona khoma limodzi lokha pa nthawi, ndipo palibe njira imene inaphonyana ndi inzake. Mudzi wonse anali nawo m'mutu. Iye mwini anapita osauonapo wathunthu chonchi, koma ine wolongolola ndi amene ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa.

Wogulitsa nsomba anabwera mpeni uli m'manja. "Abale inu, si chitsime cha kwathu icho?" Anthu anaunjikana, aliyense kuloza pakhomo pake, ena akulira osachita manyazi.

Bambo anasendeza mpando pafupi. "Mtsikana iwe," anauza Kuang, "tsika ndi njira ya kumanzereyo. Usathamange, sitepe ya pamwamba pa chitsime ndi yogumuka."

Kuang anayendetsa. Sitepe ija inalidi yogumuka.

Bambo anatilondolera mwa mawu amphamvu amene ndinali nditawaiwala, kudutsa kwa osula zitsulo, kukhota pa mtengo waukulu, mpaka pa chitseko chofiira chokhala ndi mphika wa maluwa pambali. Apo anavula chingwe cha kiyi chija m'khosi, chimene ngakhale posamba sankalola kuti munthu achikhudze, n'kundiika kiyi m'dzanja. Anali wofunda.

"Tafika, mwanawe," anatero. "Kakoloweke pamsomali. Ndipo umuuze Guoliang asiye zoseweretsazo, abwere adzadye."