Bokosi Lachikasu la a Wotchi

Dzina loti a Wotchi analitengera ku kampani ya mabasi, kumene anagwira ntchito yotulutsa mabasi pa depoti mpaka tsitsi linachita imvi. Nthawi ikakwana basi inkanyamuka, kaya muli anthu atatu okha, kaya mayi wina akuthamanga ndi chikwama akukuwa kuti dikirani. Iwo ankangokweza dzanja lamanzere n'kuloza pamkono ndi chala. Madalaivala ankawada, mabwana ankawakonda, mpaka kampani inagula makina ogwira ntchito yomweyo. Mabwana aja anawathokoza ndi kapu yomwera tiyi.

Kukhala pakhomo kunawavuta. Akazi awo anali telala, ndipo ankachoka m'mawa kupita kushopu yawo yosokera makatani ndi mayunifolomu. A Wotchi ankatsala akuzungulirazungulira m'nyumba, kukonza mawotchi apakhoma amene sanalakwe kanthu. Tsiku lina akumetedwa kwa alamu awo, achimwene a akazi awo omwe anali ndi shopu yometera, anamva makasitomala akukamba za msika wa ndalama zakunja. Ankati munthu ali khale pampando angathe kugula ndalama ya dziko lina n'kuigulitsa ikakwera mtengo, ngakhalenso kupangana mtengo wa golide wa miyezi yakutsogolo, golideyo osamuona n'komwe. Nkhani ya phindu sinawakope kwenikweni. Chimene chinawagwira mtima n'chakuti misika imeneyi imatsegula ndi kutseka pa nthawi yake, wina pambuyo pa unzake.

Chipinda chimene ankagona mwana wawo wamkazi asanakwatiwe chinasanduka ofesi. Bedi analikankhira kukhoma, n'kulowetsa tebulo lodulirapo nsalu limene akazi awo analisiya chifukwa cha mwendo wogwedera. Laputopu anailumikiza ku TV yakale kuti tchati chizioneka chachikulu. Pa tchatipo pankayenda timizere tonenepa totchedwa makandulo: lobiriwira ndiye kuti mtengo wakwera, lofiira ndiye kuti watsika. Anapezanso kapulogalamu kojambula mabokosi pamwamba pa makandulowo, kosonyeza msika umene uli wotsegula. Bokosi labuluu linali la misika yakum'mawa, lotuwa la yakumadzulo, ndipo pakati pake panali lachikasu, la msika waukulu umene unkatsegula m'mawa dzuwa litakwera pang'ono.

Nthawi za mabokosiwo anazilowetsa okha. Panali kabatani koti pulogalamuyo izidzikonzera yokha nthawi, koma a Wotchi sanakakhudze. Makina anali atawadyera kale ntchito, sakanawapatsanso ina.

Lamulo lawo linali limodzi: bokosi lachikasu likangotseguka, iwo alowe mumsika pomwepo. Ankasamba, n'kuvala malaya ositidwa ndi nsapato zopolishidwa, n'kukhala pampando chala chili pabatani.

Miyezi yoyamba msika unawachita chipongwe. Ukangotsegula, mtengo unkalumpha m'mwamba ngati waponda moto, iwo n'kugula, kenako n'kugwa chagada. Akagulitsa, unkakwera. Ankaika zochepa, choncho ankaluzanso zochepa, koma tsiku ndi tsiku.

"Kodi bizinesi yanuyi imagulitsa chiyani, abambo?" akazi awo anafunsa tsiku lina madzulo, akusomola ulusi pa katani ya kasitomala.

"Simungamvetse, mayi. Ndi nkhani ya nthawi."

"Nthawi ndiye muli nayo yambiri. Ndimati mwina tsiku lina mubweretsako ndi sopo."

Kenako, popanda chimene anasintha, zinthu zinatembenuka. Akagula, mtengo unkapitiriza kukwera. Akagulitsa, unkatsika mwaulemu. Sizinali tsiku lililonse, koma masiku abwino anayamba kuchuluka kuposa oipa. Sopo anabwera, denga la kukhitchini linasiya kudontha, ndipo mwendo wa tebulo unaonana ndi kalipentala. A Wotchi sanadabwe. Anadziwa kuyambira kale kuti dziko lidzafika pozindikira munthu wosunga nthawi.

Alamu ndi amene anafalitsa mbiriyo. Munthu ali ndi lumo pakhosi sakana kumvetsera, choncho posakhalitsa Loweruka lililonse masana, misika ili yotseka, pabalaza pankadzaza ophunzira: alamuwo, dalaivala wa takisi, mayi wina wogulitsa mankhwala mufamase, ndi ena obwera n'kumapita. A Wotchi ankaima pafupi ndi TV atagwira rula yaitali ya akazi awo.

"Anthu amaluza chifukwa chochedwa," ankatero, akugogoda m'mphepete mwa bokosi lachikasu. "Msika uli ngati basi. Ukatsegula chitseko, kwerani. Wobwera mochedwa amangopeza utsi."

Ankatenga foni kapena laputopu ya aliyense n'kumulowetsera nthawi zomwezo ndi dzanja lawo, kuti pasapezeke wolakwitsa.

Tsiku lina pakati pa sabata mwana wawo uja, yemwe anali namwino, anabwera kudzacheza ndi mwamuna wake, onse ali pa tchuthi. Mkamwiniyo ankagulitsa matikiti a ndege mu ofesi ina m'tauni. Anali munthu wofatsa, woti akakhala pamaso pa apongozi ake manja ankasowa powaika. A Wotchi anali asanamuonetsepo ofesi yawo, ndiye anamuitana kuti adzaone mmene ntchito imagwiridwira.

Mkamwini anaima kumbuyo kwa mpando. Anayang'ana tchati, n'kuyang'ana wotchi yake, n'kuyang'ananso tchati. Bokosi lachikasu linali lisanatseguke, koma makandulo anali atayamba kale kutalika, ofiira ndi obiriwira kulimbana. Patapita kanthawi anakhazikika n'kuyamba kulowera mbali imodzi. Apo m'pamene bokosi linatseguka, a Wotchi n'kudina batani.

"Waona? Pa nthawi yake ndendende."

"Ndaona, bambo," anatero mkamwini, n'kutsokomola pang'ono. "Zili bwino kwambiri."

Koma anakanong'oneza mkazi wake kukhitchini, ndipo namwino sanali munthu wosunga nkhani m'kamwa. Anaitulutsa patebulo, anthu akudya.

"Adadi, akuti bokosi lanu likuchedwa ndi ola lathunthu."

A Wotchi anaika supuni pansi. "Akutero ndani?"

Mkamwini anayang'ana m'mbale mwake. "Pepani bambo, mwina ndine amene sindinaone bwino. Kungoti maiko amene kuli msika umenewu, nyengo yotentha ikayamba kwawoko amasuntha mawotchi awo ola limodzi kutsogolo. Kukayamba kuzizira amawabwezanso. Ifeyo kuntchito timasintha nthawi za ndege chifukwa cha zomwezo."

"Amasuntha wotchi? Dziko lonse?"

"Eya, bambo."

"Boma likudziwa?"

"Ndi bomalo limene limalamula."

"Ndipo anasuntha liti?"

Mkamwini anatchula mwezi. Akazi a a Wotchi anayang'ana kudenga la kukhitchini, limene linakonzedwa mwezi wotsatira wake.

Alendo atapita, a Wotchi anafufuza pa intaneti, ndipo anapeza kuti mkamwini sananame. Anakhala pabedi la mwana wawo nthawi yaitali, manja ali pamaondo. Kuluza kuja sikunawapweteke ngati izi. Miyezi yonseyi ankafika pamsika anzawo atatsegula kalekale, atakangana, atagwirizana kolowera, iwo n'kumabwera ndi malaya awo ositidwa kudzatola zotsala. Choipitsitsa, anaphunzitsa anthu kuchedwa, ataima ndi rula pabalaza pawo.

Tsiku lomwelo anakonza bokosi. Loweruka anauza ophunzira onse mosabisa, n'kupempha mafoni awo kuti awakonzere. Mayi wa mufamase anapereka yake. Dalaivala wa takisi anazengereza koma anapereka. Alamu anaika yawo m'thumba.

"Alamu, ine makina ometera akamameta bwino sindiwamasula," anatero.

"Koma ndi olakwika."

"Alakwe choncho."

Sabata yotsatira a Wotchi analowa mumsika pa nthawi yeniyeni, ndipo msika unawalandira monga unkachitira poyamba paja. Unkalumpha, iwo n'kugula, n'kugwa. Mayi wa mufamase anasiya kubwera Loweruka. Dalaivala wa takisi akakumana nawo pamsewu ankaliza hutala koma osaima. Kushopu yometera nkhani inali yoti mkamwini uja ali ndi diso loipa, anangoyang'ana TV kamodzi basi.

"Bwanji osangobweza mmene zinalili?" akazi awo anafunsa.

"Ndizichedwa dala?"

"Kale munkachedwa bwinobwino."

"Kale sindinkadziwa."

Anayesa ndithu. Anabweza bokosi pa nthawi yolakwika ija, n'kukhala pampando atapinda manja. Koma tsopano ankadziwa kuti kutsidya kwa nyanja anthu atsegula kale. Makandulo akayamba kutalika, ankalephera kukhazikika pampando. Ankaimirira, kukamwa madzi, kubwerera, n'kupeza kuti papita timphindi tochepa chabe. Mapeto ake chala chinkapita chokha pabatani bokosi lisanatseguke. Madzulo akazi awo sankafunsanso, ankangoona mmene akutafunira chakudya.

M'mawa wina telala uja sanapite kushopu pa nthawi yake. Anadikira amuna awo atavala nsapato, ndiye anawaika m'manja mtolo waukulu wa makatani.

"Awa ndi a kuhotela ija ili kuseri kwa positi ofesi. Ndinalonjeza kuti afika m'mawa uno, ndipo msana wanga sukundilola."

"Mayi, msika utsegula posachedwa."

"Ndinawauza kuti abweretsa ndi amuna anga, munthu amene sanachedwepo chibadwire. Ndikawauze kuti ndinanama?"

A Wotchi anayang'ana chitseko cha ofesi, n'kuyang'ana mtolo. Ananyamula. Anayenda mwandawala kudutsa pamalo okwerera mabasi, pomwe minibasi zinkangoima kudikira kuti zidzaze, iwo n'kupukusa mutu. Kuhotela, wolandira alendo anawadikiritsa kuti aitane woyang'anira zipinda, ndipo woyang'anirayo anafuna kutambasula katani iliyonse. Pobwerera anachita kuthamanga. Anafika ali wefuwefu, malaya atamatirira pamsana, msika utakhazikika kale. Anadina batani mokwiya. Tsiku limenelo linatha bwino.

Mawa lake panali mayunifolomu a kusukulu ya mkaka. Mkuja wake zipi zinatha mushopu, ndipo zabwino zinkapezeka kutsidya kwa njanji kokha. Msana wa akazi awo unkadwala m'mawa mokhamokha, masana n'kuchira. A Wotchi sanali opusa, anazindikira, koma nkhaniyo sanaiyambitse. Kuchedwa chifukwa chotumidwa kunali kosiyana ndi kuchedwa dala, ndipo munthu akanatha kukufotokoza pagulu.

Sanalemere. Masabata ena msika unkawabweza manja ali m'thumba ngakhale atachedwa bwanji, ndipo miyezi ina zimene ankapeza zinkangokwanira kulipira intaneti yomweyo. Chimene chinakula ndi shopu ya akazi awo, chifukwa mbiri inamveka m'tauni kuti telala ameneyu katundu wake amafika pa nthawi.

Maphunziro a Loweruka anatha okha. Kutayamba kuzizira kumaiko kuja, mawotchi anabwezedwa, ndipo bokosi la alamu, limene sanalole kuti likonzedwe, linapezeka kuti tsopano likulondola. Sabata yomweyo anayamba kuluza. Anapirira masiku angapo, kenako madzulo ena anatseka shopu msanga n'kubwera kunyumba kwa mlongo wawo. A Wotchi anawalandira pakhomo, okonzeka kufotokoza za mawotchi akunja, koma alamu anangowapatsa moni n'kupitirira mpaka kukhitchini. Kuchokera pabalaza a Wotchi anamva mawu awo, otsitsa koma omveka.

"Achemwali, tandiuzani zoona. Alamuwa mumawatuma nthawi yanji?"