Kontrakiti ya Ba Philomena

Philomena ankaphunzitsa giredi 2 pa sukulu ina ya ku Kalikiliki, koma satifiketi ya uphunzitsi analibe. Koleji anaisiyira pakati.

Lolemba lina pamsika panamveka mphekesera yoti kwabwera lamulo latsopano la aphunzitsi opanda mapepala. M'mawa womwewo ahedi, Ba Chisala, anamuitanira ku ofesi. Ba Ketty, ogulitsa zitumbuwa pageti, anamuona akulowa nkhope ili yakugwa. Anasiya beseni pomwepo, liwiro la kumsika.

"Bwelani! Bafuna kubapisha nchito ba Madam!"

Posakhalitsa azimayi anadzaza pakhomo pa ofesi. Patsogolo panali Ba Blackson, owotcherera zitsulo, magalasi awo akuda adakali pachipumi.

"Ba Head," anayamba Ba Blackson, "mwana wanga Tiza anabwela pano osaziba na A yamene. Manje abelenga vikwangwani vonse va mu tauni, mu minibasi sitipumula. Ba Madam sibayenda kulikonse!"

Ba Chisala anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Nindani wakamba vopisha munthu?"

Onse anatembenukira Ba Ketty, amene anayamba kukonza chitenje chawo.

Ahediwo anafotokoza kuti lamulolo likulola sukulu kulemba mphunzitsi ngati Philomena pa kontrakiti ya chaka chimodzi, malinga azikamaliza maphunziro ake pa holide.

"Nanga nkhope yagwela chani?" anafunsa Ba Ketty.

Philomena anali atagwira bolopeni, koma asanasaine. "Koleji ili ku Kabwe, ba mayo," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga Luyando nizamusiya na ndani? Angoyamba kumene kuyenda."

Pomwepo phokoso linabuka, aliyense akulimbirana mwanayo. Wina anati kwake kuli mpanda, wina anati ana ake anakula kale, manja ali chabe. Ba Blackson nawonso anakweza dzanja.

"Imwe? Pa moto paja?" anakuwa mayi wina. "Mufuna mukamuwochelele ku geti monga chisulo?"

Philomena nayenso anaseka, misozi ikulengeza. Anagwirizana kuti pa holide Luyando azigona kwa Ba Ketty, masana azimayiwo azisinthana pomusamala. Philomena anawerama nasaina, azimayi n'kuyamba nthungululu.

"Zikomo, makolo," anatero Ba Chisala. "Manje chokani mu ofesi mwanga. Ana bali beka mu kalasi."