Magalasi Oonera Nsomba za Achimwene

Achimwene anga akagula chinthu, nyumba yonse imasiya kupuma. Ulendo uno anabwera ndi chiwailesi chakanema chakalekale, chogula kwa mnzawo wa kuntchito, cholemera ngati chitseko. Akuti ukavala magalasi ake, zithunzi zimatuluka n'kukupeza pampando pomwe wakhalapo. Koma magalasiwo mwini wake uja anataya kale. Popanda iwo, aliyense pakanemapo ankaoneka pawiri, ngati ukumuona utaledzera.

"Bambo akubwera Loweruka," anandiuza achimwene. "Adzaone okha kuti mwana wawo si munthu wamba."

Bambo athu sanawayamikirepo achimwene chibadwire. Munthu wayamba imvi, koma akudikirabe kumva kuti "wachita bwino". Ndinawamvera chisoni, komanso ndinaseka.

Anandikoka kuti ndiziwanyamulira kabuku ka malangizo. M'shopu yoyamba, mtsikana wogulitsa anawerenga nambala ya wailesiyo n'kufunsa ngati fakitale yake ikadalipo. M'shopu yachiwiri anatigulitsa magalasi apulasitiki aja amagawa kumalo oonetsera mafilimu. Titayesa kunyumba, anthu anali awiriawiri ndithu, kungoti tsopano ali mumdima. Mapeto ake tinakagwera kwa wokonza mawailesi, m'kachipinda konunkha waya wopserera.

"Yanuyi imafuna magalasi a batire, bwana," iye anatero, akuloza chithunzi m'kabuku kaja. "Ndiye si a batire aliwonse ayi. Amamvana ndi wailesi kudzera pa kadiso kali pansi apa. Amakonowa sagwirizana nayo."

"Ndikudziwa," anatero achimwene, amene sankadziwa kanthu.

Munthu uja anavundukula makatoni atatu, n'kutulutsa magalasi afumbi, mwendo umodzi womanga ndi tepi. Achimwene anawalandira ndi manja awiri. Lachisanu lonse anathera pampando, akuzinda nsomba za pakanemapo zomwe akuti zinkasambira pabalaza. Alamu anga, akazi awo, atadutsa ndi tsache anakalipiridwa kuti akutchinga kadiso.

Loweruka masana bambo anafika. Anakhazikidwa pampando wapakati, makatani n'kutsekedwa. Achimwene anawaveka magalasi aja, anaima pambali atagwira m'chiuno, kudikira.

Nsomba zinadutsa. Bambo ali phee.

"Mukuiona, bambo? Ikubwera kwa inutu imeneyo!"

"Ndikuona nsomba," anayankha bambo.

"Koma ikutuluka! Tatambasulani dzanja!"

"Ili momwemo, m'wailesimo."

Achimwene anasintha batire, anasuntha mpando, anatukwana wokonza mawailesi yemwe panalibe. Atavala okha, nsomba ija inali pamphuno pawo. Atawavekanso bambo, palibe chinasintha.

Bambo anavula magalasiwo pang'onopang'ono n'kuwaika patebulo.

"Zimafuna maso angati zimenezi?"

"Awiri, bambo."

Sabata yonse ndinkanyamula kabuku kaja, osaganizako kuti matsenga akewo amalira maso onse.

"Ndiye ukuvutikiranji?" anatero bambo. "Lakumanzereli linasiya kuona zaka zinayi zapitazo. Mlongo wakoyu ndiye amandiperekeza kuchipatala. Iwe tinakuimbira, unati uli pamsonkhano."

Bambo anawayang'ana achimwene ndi diso lotsalalo.

"Ndamva wazungulira tauni yonse kusaka magalasi. Ukanayamba wandiyang'ana kumaso, mwana wanga."