Tsiku Limene Apongozi Anakana Kutembenuzidwa

"Bwerezaninso, Adokotala. Apo ndamva ngati mukutafuna miyala."

Ndinali nditawerama pambali pa bedi, dzanja lina paphewa pa apongozi anga, lina pachiuno, ndipo chiganizo chimene ndinachiloweza sabata yonse chinali chitandithawa pakati. Ndinayambiranso. Chinali cha m'Chingelezi, ndipo chinkatanthauza kuti: mwaswera bwanji mayi, ndabwera kudzakutembenuzani, kodi mukundilola?

"Ndakulolani," anatero apongozi m'chinenero chathu. "Nanga ndingathawire kuti?"

Alonda anaseka ali pampando wa pakhomo. Anali mnzanga wa m'kalasi, bambo wolondera malo ogulitsira matayala usiku, ndipo masana aliwonse ankabwera maso ali psuu. Ananyamula foni yozimitsa m'mwamba ngati akujambula. Bandulo ya intaneti tinkasungira tsiku lenileni losonyeza ntchitoyo.

Tsiku limene tinkayesererali linali Lachitatu, pa 13 Malichi. Mawa lake tinkayenera kusonyeza pulojekiti yathu pa intaneti, maso ndi maso, pamaso pa aphunzitsi ndi a metironi a nyumba yosamalira okalamba. Nyumbayo inkalemba antchito kamodzi pachaka, ndipo okalamba ambiri a mmenemo ankamva Chingelezi chokha. Wokhoza pulojekiti ankalandira satifiketi n'kuitanidwa. Wolephera ankadikira chaka china. Ntchito ya mwamuna wanga inali itatha mu Januwale, ndipo m'mawa uliwonse ankatuluka kukasaka maganyu. Chaka china chodikira ife tinalibe.

Chingelezi ndi chimene chinandigwetsa kusukulu. Pamene kalasi ya pa foniyo inkayamba, ndinkakhala maikolofoni nditatseka, kuopa kutchulidwa. Aphunzitsi athu, mayi amene mpaka lero sindinawaonepo kupitirira m'mapewa, anatiuza kuti mayeso olemba sadzatipatsa.

"Sankhani ntchito imene manja anu akuidziwa kale," anatero. "Mudzatisonyeze, mukufotokoza. Pakamwa padzatsatira manja."

Ine manja anga ankadziwa kutembenuza munthu wogona. Apongozi anadwala sitiroko mu Julayi chaka chapitacho, n'kufa ziwalo mbali ya kumanzere, ndipo chiyambire pamenepo ndinkawatembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda. Kwa nthawi yoyamba ndinayamba kuwafuna mawu a Chingelezi, osati kuwaopa. Ndinkafuna kudziwa dzina la chiuno, la chidendene, la chigongono. Ndinkafunsa m'kalasi, n'kumawatchula ndikuchapa zofunda. Apongozi atamva, anandipatsa dzina la Adokotala, ndipo linakhazikika.

Poyamba ine ndi Alonda tinagwirizana kuti wodwala wathu akhale mapilo okulungidwa m'bulangete. Apongozi anamva ali kuchipinda.

"Ine ndagona pano kuyambira chaka chatha osalipidwa," anakuwa, mawu akukokeka pang'ono monga ankachitira, "ndiye inu mukufuna kulemba ntchito pilo? Ndijambuleni ine. Nanenso dziko lindione."

Ndinawafunsa kangapo pa masiku osiyana ngati akutsimikiza. Nthawi zonse ankavomera.

Aphunzitsi anali atatichenjeza kuti tisaloweze. "Wodwala sawerenga pepala lanu," ankatero. Ine ndinaloweza zonse, mpaka malo opumira.

Lachinayi masana ndinawasambitsa apongozi, n'kuwaveka diresi lawo labuluu la mabatani kutsogolo. Tinakokera bedi pafupi ndi zenera, chifukwa netiweki m'nyumba mwathu inkangogwira pamenepo. Anapempha mafuta onunkhira.

"Amayi, fungo silidutsa pa foni," anatero Alonda.

"Inu a matayala, gonani, ndi masana ano. Za anthu odzisamala simungazidziwe."

Gulu lathu linali lachinayi. Tinaonera anzathu akusonyeza kusamba m'manja, ena kudyetsa munthu ndi supuni. Gulu lililonse linali ndi mphindi khumi. A metironi anali m'kabokosi ka pakona, mayi wa magalasi, tsitsi laimvi lodula mwachidule. Sankamwetulira. Ankangoyang'ana, n'kuwerama, n'kulemba.

"Gulu lachinayi, yambani."

Alonda anaimirira kumiyendo kwa bedi. Anagwira foni nkhope yake itayang'ana kwa ife, kuti ndiziwaona aphunzitsi ndi kumva mafunso. Pokonzekera paja foni inkakhala yakuda, choncho palibe amene anaganizapo za zimenezi. Aphunzitsi anakulitsa chithunzi chathu kuti onse aone bwino, ndipo chipinda chathu chinadzaza foni yonse.

Ndinapereka moni. Ndinanena ntchito imene tikufuna kusonyeza ndi chifukwa chake. Mawu ankatuluka mwadongosolo, ndipo ndinaona aphunzitsi akugwedeza mutu m'kabokosi kawo. Ndinawerama, n'kuika manja m'malo mwake, n'kufunsa funso lija.

Apongozi sanayankhe.

Ndinaganiza kuti akufuna kundiseka. Nditawayang'ana, ndinaona kuti maso awo sali pa ine. Anali pa foni.

Tsiku limene apongozi anabwera kuchokera kuchipatala, mwamuna wanga anachotsa galasi la m'chipindamo n'kuliponya kuseri kwa wadiropu, ndipo ine ndinagwirizana naye. Alendo onse ankati, "Amayi, mukuoneka bwino." Apongozi ankadziwa kuti pakamwa pawo m'polemera, koma anali asanadzione. Tsopano patsogolo pawo panali mayi wa diresi labuluu, tsaya lakumanzere litagwa ngati nsalu yonyowa, diso lina litatsika, pakona pa mlomo pakunyezimira malovu.

"Ameneyo ndi ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Anakweza dzanja lamanja n'kugwira tsaya. Mayi wa pa foniyo anachitanso chimodzimodzi.

Ine ndinabwereza funso langa la m'Chingelezi, chifukwa ndinalibe chiganizo china chobwera pambuyo pa kusayankha.

"Ayi," anatero apongozi. "Musandigwire."

Kunja kunadutsa njinga yamoto. M'foni munali zii, anthu onse aja akudikira.

"Achemwali," ananong'ona Alonda, milomo yokha ikugwedera, "ingowatembenuzani. A m'foniwa sanamve. Nthawi ikutha."

Ankanena zoona. Apongozi anali atalankhula motsitsa, ndipo anali opepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Manja anga anali kale pamalo. Ndikanawatembenuza m'kanthawi kochepa, Alonda n'kufotokoza za mapilo, zonse n'kutha monga zinalili papepala. Ndinamva phewa lawo likunjenjemera pansi pa chikhatho changa. Linali kulimbana nane ndi mphamvu yonse imene linatsala nayo, ndipo mphamvuyo inali yochepa kwambiri.

Ndinachotsa manja.

"Lozetsani foni kukhoma," ndinatero.

"Achemwali, mwatipha."

"Lozetsani."

Analozetsa. Ndinakoka nsalu yofunda mpaka pachifuwa pa apongozi, n'kuwapukuta pakamwa. Iwo anatseka maso.

"Gulu lachinayi, tikuona khoma ndi msomali," anatero aphunzitsi m'Chingelezi. "Kodi ndi netiweki?"

Alonda anandigwedezera mutu mwamphamvu, maso atatong'ola, kuti ndivomere. Bodza limenelo linali lophweka, ndipo mawu ake ndinkawadziwa. Ndinalanda foni, n'kutuluka nayo, n'kutseka chitseko cha kuchipinda. Pabalaza netiweki inali yofooka. Ndinaima pakhomo lakunja, dzuwa likundimenya kumaso, n'kuyang'ana kamera.

"Wodwala wakana," ndinatero. "Ndasiya."

Anali mawu ochepa, ndipo ndikudziwa kuti ena ndinawakhotetsa. Koma sanali a papepala.

A metironi anavula magalasi. Analankhula chiganizo chachitali, mothamanga, ndipo sindinagwirepo kanthu. Kenako ndinanena chinthu chimene ndinali ndisanachinenepo mokweza chiyambire kalasiyo.

"Pepani, bwerezani pang'onopang'ono."

Anabwereza. Ankafunsa kuti, ngati wodwala wakana, koma akapanda kutembenuzidwa atuluka zilonda, ndichita chiyani?

Ndinayankha monga munthu wowoloka mtsinje podumpha miyala. Ndidikira. Nditulutsa anthu. Nditseka chitseko. Ndikhala pansi pafupi naye, ndimufunse chavuta n'chiyani. Mawu oti chidendene ndinawaiwala, ndiye ndinakweza phazi n'kuloza, ndikunena kuti ndiziyang'ana pamenepo ndi pachiuno ngati pakufiira. Ndibwereranso posachedwa kudzapemphanso. Ngati akanabe, ndikauza a nesi.

"Nanga wakaniranji?" anafunsa a metironi.

Ndinayang'ana timabokosi tonse tija, nkhope za anzanga zitayandikira makamera awo.

"Zimenezo ndi zake," ndinatero. "Sindinganene pano."

A metironi anandiyang'ana kwa kanthawi. Sanalembe kalikonse, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanalemba.

"Kwatsala mphindi ziwiri," anatero aphunzitsi. "Muli ndi choti mutisonyeze?"

Alonda anali atagona kale pamkeka pafupi ndi khomolo kuti akhale wodwala wathu, nsapato zili kuphazi, chipewa chili pachifuwa. Ndinatsamiritsa foni pa mwendo wa mpando. Nditamufunsa ngati akundilola, anavomera katatu mokuwa, m'Chingelezi chomveka mpaka kumsewu. Anali wolemera ngati thumba la simenti. Ndinampinda bondo, n'kumupingasitsa mkono, ndikutchula chilichonse ndikupuma wefuwefu. Iye ankafotokoza za mapilo ali chigonere, nkhope ili kukhoma. Tinali tisanaike pilo wa pakati pa mawondo pamene aphunzitsi anati nthawi yatha. Chithunzi chathu chinachepa, n'kubwera cha gulu lachisanu.

Alonda anadzuka, n'kusasa fumbi pathalauza. "Chaka chamawa ndidzasankha kusamba m'manja," anatero. Sanali kuseka. Anatenga chipewa chake n'kumapita, osatsanzika kuchipinda.

Zotsatira zinabwera pa 22 Malichi. Tonse awiri tinakhoza, ngakhale kuti pa gawo la kusonyeza ntchito tinapeza malikisi otsikitsitsa m'kalasi yonse. Ine ndinayamba ntchito pa 2 Epulo. Koma madzulo a Lachinayi limenelo sindinkadziwa chilichonse mwa zimenezi. Ndinkangodziwa kuti mwamuna wanga abwera n'kufunsa kuti zayenda bwanji, ndiponso kuti nthawi yowatembenuza apongozi inali itapitirira kale.

Ndinazimitsa foni n'kuiika m'kabati ya mbale. Ndinagogoda pachitseko cha kuchipinda, chinthu chimene ndinali nditasiya kuchita kalekale.

"Lowani."

Anali chigonere momwe ndinawasiyira, maso ali kudenga. Ndinakhala pansi, msana nditatsamira bedi. Sindinadziwe poyambira, m'chinenero chilichonse.

"Apita anthu anu aja?"

"Apita, Amayi."

"Ndakuwonongerani ntchito."

"Sindikudziwa. Mwina ayi."

Kenako anati, "Nonsenu mumandiona chonchi tsiku lililonse?"

"Inde, Amayi."

"Ndiye mwana wanga uja n'kumati ndikuoneka bwino. Bodza anatengera bambo ake." Anapuma. "Galasi langa lili kuti?"

"Kuseri kwa wadiropu."

"Kalitenge, mwananga."

Ndinakankha wadiropuyo ndi phewa. Galasilo linali laling'ono, la felemu yapulasitiki, lodzaza fumbi ndi ukonde wa akangaude. Ndinalipukuta ndi epuloni, n'kuwapatsa m'dzanja lamanja. Ndinafuna kutuluka, koma anandiuza kuti ndikhale.

Anadziyang'ana nthawi yaitali. Anayesa kumwetulira, ndipo mbali imodzi yokha inavomera. Anakweza chibwano, n'kuchitsitsa. Msozi unatuluka m'diso lotsika lija, n'kutsetserekera kukhutu, koma sanausamale.

"Tsitsi ili wapesa ndi iwe?"

"Ndine."

"Mzere wakhota."

"Ndikonza."

"Ukonza bwino lake. Msana ukuwotcha uwu." Anandiyang'ana kudzera pamwamba pa galasilo. "Ukudikira chiyani? Funsa."

Ndinaimirira, n'kupukuta manja. Ndinafunsa m'chinenero chathu, mwachidule, ngati akundilola.

"Tembenuza."

Ndinawapinda bondo, n'kuika dzanja lina paphewa, lina pachiuno. Ndinawauza kuti aike galasilo pansi kaye, lingawagwere kumaso. Sanalisiye. Ndinawakokera kwa ine pang'onopang'ono, thupi lonse likubwera pamodzi, ndipo galasilo linatembenuka nawo, lili chigwirire m'dzanja lawo lamoyo, maso awo osachokamo.