Nkhwangwa pa Mtengo wa Tiza

Magetsi anali atazima masiku atatu ku Chawama chifukwa cha chilala chomwe chinachepetsa madzi opangira magetsi. Malasha nawonso anasowa, poti ootcha ankapita kutali kukafuna mitengo. Mbaula ya Towera inali yozizira, ana asanadye.

Mwamuna wake Blackson anatuluka ndi nkhwangwa, maso ali pa mtengo wa mango wa pakhomo.

"Atate a Tiza, osayesa!" anakuwa Towera. "Mchombo wa mwana wathu tinaukwirira pansi pamenepo."

"Manje ana adye mchombo? Ndidula chabe."

Towera anaima kutsogolo kwa mtengowo. Ba Chileshe, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana, anasuzumira pampanda.

"Ba Blackson, mufuna kupha mtengo kapena kuphika?"

"Kuphika, amayi."

"Ndiye kwerani m'mwamba. Kwathu ku Kasama azibambo anali kusadza nthambi, thunthu n'kulisiya. Mvula ikabwera, mtengo unali kuphukanso. Koma pomwe anthu anadula mpaka pansi, lero ni fumbi, na kamtsinje kanauma."

Blackson anayang'ana m'mwamba. Nthambi ziwiri zinali zouma kale.

"Izi zizatha sabata imodzi. Nanga pambuyo pake?"

Ba Chileshe anawatengera kuseri kwa nyumba yawo. Pa lata panali timibulu takuda tikuuma padzuwa.

"Ni fumbi la malasha lomwe ogulitsa amasesa n'kutaya. Ndimasakaniza na dothi pang'ono na phala la chinangwa, n'kuumba."

Blackson anaseka. "Tiphikire matope?"

"Sekani mukakhuta."

Tsiku limenelo anadula nthambi zouma zokha, ana n'kudya. M'mawa mwake Towera anatuta fumbi la malasha lomwe linatsalira kumsika, naumba timibulu take. Masiku anayi ankangotitembenuza, mtima uli m'mwamba, nkhuni zikutha. Tsiku lachisanu anaika tinayi m'mbaula. Utsi unafuka, moto osaoneka. Blackson anayang'ananso nkhwangwa. Towera anakupiza, nakupizanso. Kenaka pansi panafiira, ndipo nyemba zinapsa moto usanathe.

Mwezi wa Novembala mtengo uja unagwetsa mango, Tiza n'kumatola.

Mtengo umodzi ukadulidwa umaphikira masiku ochepa, koma kukula umatenga zaka. Mitengo ikatha, mitsinje imauma ndipo chilala chimakula. Tisanagwire nkhwangwa, tiyambe tafunsa anzathu njira ina yophikira.